NDANI ALOWE POYAMBA? NKHANI YA SUKULU YATSOPANO YA MONTESSORI KU WASHINGTON

Palibe kholo limene silidziwa kuwawa kwa mawu akuti "malo atha". Kuno kwathu mwana akalemba mayeso a Sitandade 8, banja lonse limakhala pa chiyembekezo, kudikira ngati dzina lake lituluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku Fomu 1. Ena amapita ku sekondale zikuluzikulu zogonera konko, ena ku zoyendera za m'madera mwawo, ndipo ena amatsala. Ife a kuno ku seminale tidalowera khomo lina: kalata ya Bambo Mfumu a ku parishi ndi mayeso olowera. Njira zonsezi zikuyankha funso limodzi lokha: malo akachepa, ana nachuluka, ndani alowe poyamba?

M'nkhani ino ndifuna kufotokoza mmene funso lomweli amaliyankhira mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la America, pa sekondale ina yatsopano yotsata kaphunzitsidwe ka Maria Montessori. Kumeneko mwana salemba mayeso olowera ayi, amachita maere. Koma maerewo ali ndi malamulo otsogoza ana ena pamzere, ndipo ine ndikuona kuti malamulo amenewa ndiwo amaumba sukulu, kuposa nyumba zake ngakhale dzina lake.

MARIA MONTESSORI ADALI YANI?

Maria Montessori adabadwa m'chaka cha 1870 ku Chiaravalle m'dziko la Italy. Mu 1896 adatsiriza maphunziro a udokotala pa yunivesite ya ku Rome, nthawi imene akazi ochita maphunziro otere adali owerengeka. Poyamba adagwira ntchito pakati pa ana amene anthu ankati ndi osaphunzitsika, ndipo adaona kuti anawo akapatsidwa zinthu zogwira ndi manja amaphunzira bwino kuposa mmene anthu ankaganizira.

Pa 6 Januwale 1907, tsiku la chikondwerero cha Epifania, adatsegula sukulu yake yoyamba yotchedwa Casa dei Bambini, kutanthauza kuti Nyumba ya Ana. Sukuluyi idali m'dera la San Lorenzo mu mzinda wa Rome, dera la anthu osauka. Ana ake oyamba, pafupifupi 50 kapena 60, adali ana aang'ono a anthu ogwira ntchito zolemetsa, amene ankangoyendayenda m'nyumba zosanja makolo awo atapita kokagwira ntchito. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tidzaifuna kutsogoloku: sukulu yoyamba ya Montessori sidasankhe ana anzeru kapena a anthu olemera, idatola amene adalipo.

Kaphunzitsidwe kake nkosiyana ndi kamene tidazolowera. Ana a misinkhu yosiyana, kawirikawiri osiyana zaka zitatu, amakhala m'chipinda chimodzi, ndipo wamkulu amathandiza wamng'ono. Belu silidula ntchito mphindi 40 zilizonse. Ana amagwira ntchito pafupifupi maola atatu mosadukiza. Mwana amasankha yekha ntchito yoti ayambe mwa zimene mphunzitsi wamukonzera, ndipo zipangizo zambiri adazipanga mwanjira yoti mwana akalakwa aone yekha popanda womuuza. Mphunzitsi sakhala tsiku lonse pa bolodi, koma amayang'anira, kulangiza ndi kuphunzitsa timagulu tating'ono.

Mayiyu adali Mkatolika, ndipo adalembanso mabuku ofotokozera ana za Misa ndi za moyo wa mu Eklezia. Adamwalira mu 1952 ku Noordwijk m'dziko la Netherlands. Patapita zaka ziwiri, mu 1954, Sofia Cavalletti ndi Gianna Gobbi adayamba ku Rome njira yophunzitsira ana katekisimu yotchedwa ndi dzina la Mbusa Wabwino, yomangidwa pa maganizo ake. Ngakhale ku America, amene adadzutsanso sukulu za Montessori adali makolo Achikatolika: Nancy McCormick Rambusch ndi anzake adatsegula Whitby School ku Greenwich m'dera la Connecticut mu 1958, ndipo mu 1960 mayiyu adayambitsa bungwe la American Montessori Society.

NANGA ANA A MSINKHU WATHU?

Montessori adagawa kukula kwa munthu m'zigawo zinayi za zaka zisanu ndi chimodzi chimodzi: kuyambira pobadwa mpaka zaka 6, kuchokera 6 mpaka 12, kuchokera 12 mpaka 18, ndi kuchokera 18 mpaka 24. Ife a ku sekondale tili m'chigawo chachitatu. Iye ankati pa msinkhu umenewu thupi ndi mtima zimasintha msanga, ndipo wachinyamata amafuna kudziwa kuti iye ndi wofunika pakati pa anthu. Choncho adalangiza kuti achinyamata azikhala pamodzi kumudzi, kutali pang'ono ndi makolo, pa sukulu yokhala ndi munda, sitolo ndi nyumba ya alendo. Azilima, aziphika, azigulitsa zokolola ndi kuwerengera okha ndalama, ndipo masamu, sayansi ndi mbiri yakale zizituluka mu ntchito yomweyo. Maganizo amenewa adawatcha Erdkinder, mawu a Chijeremani otanthauza ana a nthaka.

Amene timagona pasukulu, kugwira ntchito zamanja ndi kutsirira dimba, titha kuona kuti maganizowa sali achilendo kwenikweni kwa ife. Koma Montessori adamwalira asadatsegule yekha sekondale yotere. Kwa ana aang'ono adasiya zipangizo ndi malangizo atsatanetsatane. Kwa achinyamata adasiya chithunzi chabe. Nchifukwa chake sekondale za Montessori nzochepa, ndipo iliyonse imachita kufufuza njira yake. Ku America kuli sukulu za Montessori zoyendera ndalama za boma zoposa 500, koma zambiri mwa izo ndi za mkaka ndi pulaimale. Sekondale yoyamba ya boma ya mtundu umenewu ndi Clark Montessori ya ku Cincinnati, imene idayamba mu 1994. Hershey Montessori ya ku Ohio idatsegula sukulu yake ya pa famu mu 2000, ndipo Great River School ya ku St. Paul idayamba mu 2004.

KODI SUKULU YA CHARTER NCHIYANI?

Mawu akuti charter akutanthauza chikalata cha mgwirizano. Gulu la aphunzitsi, makolo kapena anthu ena akufuna kwabwino limapempha chilolezo chotsegula sukulu. Likaloledwa, limasayinirana chikalatacho ndi bungwe loyang'anira: boma lipereka ndalama, gululo liyendetsa sukulu mwa njira yake, koma lionetse kuti ana akuphunzira ndipo ndalama zikuyenda bwino. Likalephera, chikalata chimalandidwa ndipo sukulu imatsekedwa. Makolo salipira fizi. Tingati ndi sukulu ya anthu onse yoyendetsedwa ndi manja a anthu apadera.

Lamulo loyamba lololeza sukulu zotere lidakhazikitsidwa m'dera la Minnesota mu 1991, ndipo sukulu yoyamba, City Academy ya ku St. Paul, idatsegulidwa mu 1992. Lero ana oposa 3 miliyoni a ku America amaphunzira m'sukulu za charter. Ku Washington lamulo lake lidavomerezedwa mu 1996, sukulu zoyamba zidatsegulidwa chaka chomwecho, ndipo tsopano pafupifupi theka la ana ophunzira ndi ndalama za boma mumzindamo ali m'sukulu zimenezi. Chikalata cha kumeneko chimakhala cha zaka 15, koma bungwe loyang'anira, DC Public Charter School Board, limaunika sukulu iliyonse zaka zisanu zilizonse.

Abambo ansembe mwina afunsa ngati sukuluzi zikufanana ndi sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma zimene tili nazo kuno. Kusiyana kwake nkwakukulu: sukulu ya charter siiloledwa kuphunzitsa chipembedzo. Mu 2008 sukulu zisanu ndi ziwiri za Arkidayosizi ya Washington, zimene zidali pa mavuto a ndalama, zidasanduka za charter pansi pa dzina la Center City, ndipo zidayenera kusiya mapemphero ndi katekisimu m'kalasi. Mu Meyi 2025 Khoti Lalikulu la America lidagawikana pakati, oweruza anayi uku anayi uko, pa mlandu wa sukulu ya St. Isidore ya ku Oklahoma imene inkafuna kukhala ya charter ili ya Chikatolika, ndipo chigamulo choiletsa chidakhala chomwecho. Motero sukulu imene tikukambayi, ngakhale ikutsata mayi Wachikatolika, si ya Mpingo.

SUKULU YA SOJOURNER TRUTH

Mu mzinda wa Washington mudali kale pulaimale zingapo za charter zotsata Montessori, monga Latin American Montessori Bilingual, Shining Stars, Lee Montessori ndi Breakthrough Montessori. Vuto lidali lakuti ana akatsiriza kumeneko ankasowa kopitiriza kaphunzitsidwe komweko. Mu 2019 bungwe loyang'anira lidavomereza pempho lotsegula sekondale ya Montessori, ndipo sukuluyo idayamba mu 2020, m'kati mwa mliri wa Covid-19. Idatsegulidwa kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, kufupi ndi dera la Brookland, limene anthu amalitcha Rome wamng'ono chifukwa cha Catholic University of America, tchalitchi lalikulu la Amayi Maria ndi nyumba zambiri za zipani za mu Mpingo.

Dzina lake adaitcha Sojourner Truth, pokumbukira mayi wachikuda amene adabadwira mu ukapolo m'dera la New York cha m'ma 1797. Dzina lake loyamba lidali Isabella. Adathawa ukapolo mu 1826, adatenga dzina latsopanolo mu 1843, ndipo adayenda m'madera ambiri kulalikira ndi kudzudzula ukapolo ndi kuponderezedwa kwa amayi mpaka imfa yake mu 1883. Mayiyu sadaphunzire kulemba ndi kuwerenga, chifukwa pa nthawi yake khomo la sukulu lidali lotseka kwa mwana wa kapolo. Sukulu yotchedwa dzina lake siingathawe funso la amene akutsala kunja.

Sukuluyi idayamba ndi giredi 6 ndi giredi 7, ana a zaka 11 mpaka 13, ndi cholinga chowonjeza kalasi imodzi chaka chilichonse mpaka giredi 12. Pofanizira ndi kwathu, giredi 9 mpaka 12 ndiyo Fomu 1 mpaka 4. Mukawerengera, ana amene adalowa giredi 7 mu 2020 ndiwo ofika giredi 12 m'chaka cha maphunziro cha 2025/26. Ndiye kuti ikadali sukulu yanthete.

MAERE AMAYENDA BWANJI?

Lamulo la ku Washington limaletsa sukulu ya charter kusankha ana poyang'ana mtundu, chipembedzo, chilankhulo, nzeru za m'kalasi, luso la masewera kapena ulumali. Ofuna malo akachuluka kuposa malowo, pachitike maere. Kuyambira 2014 sukulu zambiri za mumzindamo zimachitira limodzi maere amodzi otchedwa My School DC.

Kholo limalemba pa intaneti sukulu zimene likufuna, zosapitirira 12, kuyambira imene likuikonda koposa. Nthawi yolembetsa ikatha, mu Febuluwale kwa a makalasi akuluakulu ndi mu Malichi kwa enawo, kompyuta imapatsa mwana aliyense nambala yamwayi. Kenaka imayesa kumuika pa sukulu imene adailemba poyamba. Malo akatha, imamuyesa pa yachiwiri, nipitirira chomwecho. Mwana amapatsidwa malo pa sukulu imodzi yokha, ndipo pa sukulu zimene adazilemba pamwamba pa imeneyo dzina lake limakhala pa mndandanda wa odikira. Masamu a njira imeneyi adachokera ku ntchito ya David Gale ndi Lloyd Shapley, ndipo Shapley pamodzi ndi Alvin Roth adalandira mphotho ya Nobel mu 2012 chifukwa cha ntchito yotere. Ubwino wake ngwakuti kholo silipindula kanthu pochenjera; chanzeru nkungolemba sukulu monga momwe mtima ukufunira.

Kufika apa zonse zikuoneka zachilungamo. Palibe kalata ya bwana, palibe chiphuphu, palibe "ndine mwana wa auje". Koma nambala yamwayi ija imagwira ntchito pokhapokha ana atagawidwa kale m'magulu, ndipo magulu ena amaitanidwa poyamba.

OTSOGOZEDWA PAMZERE

Gulu lodziwika koposa ndi la abale. Mwana amene mkulu wake kapena mlongo wake ali kale pasukulupo amatsogozedwa. Chifukwa chake nchomveka: kholo lisamathamange m'mawa kukasiya ana ku sukulu zitatu zosiyana. Gulu lina ndi la ana a amene adayambitsa sukulu, ndi la ana a ogwira ntchito pasukulupo. Awa lamulo lidawaikira malire, kuti gulu lililonse lisapitirire ana 10 pa 100 alionse a pasukulu.

Mu 2020 khonsolo ya mzinda idavomereza lamulo lina lololeza sukulu za charter kutsogoza kapena kusungira malo ana amene ali pa mavuto aakulu: opanda pokhala, oleredwa ndi boma m'mabanja ena, ochokera m'mabanja olandira thandizo la chakudya kapena la ndalama kuchokera ku boma, ndi a makalasi akuluakulu amene adatsalira m'mbuyo ndi chaka. Lamuloli silikakamiza, sukulu imasankha yokha kuligwiritsa ntchito.

Palinso mtundu wina wa kutsogoza, umene ndiwo umautsa mkangano. Mu 2014 pulaimale zisanu za charter zophunzitsa m'zilankhulo ziwiri zidatsegula pamodzi sekondale imodzi, DC International School, ndipo lamulo lidakonzedwa kuti ana ochokera m'sukulu zisanuzo azitsogozedwa kumeneko. Imodzi mwa zisanuzo ndi Latin American Montessori Bilingual ija. Makolo a ana a m'pulaimale zina za Montessori ataona zimenezi, sikudali kodabwitsa kufunsa kuti: nanga ana athu bwanji osatsogozedwa ku sekondale ya Montessori?

Kuti tione kulemera kwa funsoli, tiyeni tichite samu yongoyerekeza. Tinene kuti sukulu ili ndi malo 100 ndipo ofuna ndi 400. Popanda wotsogozedwa, mwana mmodzi mwa anayi alionse apeza malo. Tsono tinene kuti malo 40 apita kwa abale ndi ana a ogwira ntchito. Atsala malo 60 kwa ana 360, ndiye kuti mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Tikawonjeza ana 45 ochokera ku pulaimale zotsogozedwa, atsala malo 15 kwa ana 315, ndiye kuti mmodzi mwa 21. Maere akadalipo, koma kwa mwana wopanda m'bale ndi wopanda mbiri ya Montessori, khomo langotsala kamng'alu.

MBALI ZIWIRI ZA MKANGANO

Amene amafuna kuti ana ozolowera Montessori azitsogozedwa ali ndi mfundo zomveka. Amati m'mera mpoyamba. Mwana amene kuyambira zaka zitatu wakhala akusankha yekha ntchito, kusunga nthawi yake ndi kubweza zipangizo pamalo pake, amafika ku sekondale atadziwa kale kugwiritsa ntchito ufulu. Mnzake amene wakula akuyembekeza belu ndi mawu a mphunzitsi, akapatsidwa maola atatu oti adziyendetse yekha, mwina adzaona ngati ndi nthawi yopuma. Ngati m'kalasi ozolowera ali ochepa kwambiri, aphunzitsi adzakakamizika kubwerera ku bolodi ndi belu, ndipo Montessori adzatsala pa chikwangwani chokha. Amatinso makolo sangadzipereke pa pulaimale ya Montessori ngati sakudziwa kumene mwana adzapite pambuyo pake.

A mbali inayo amafunsa kuti: kodi ana ozolowerawo ndi ana a yani? Sukulu zambiri za Montessori ku America ndi zolipira, ndipo fizi yake wosauka sangaikwanitse. Lamulo la ku Washington siliwerengera kuphunzira pa sukulu yolipira ngati chifukwa chotsogozera mwana. Zaulere zilipo, koma kumeneko ana ambiri amalowa ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, mwa maere omwe aja. Kholo limene lidadziwa za maerewo pa nthawi yake, lokhala ndi intaneti, ndi mpata woyendera sukulu, ndi njira yokasiyira mwana kutsidya kwa mzinda, ndilo lidalembetsa. Tsono ngati pulaimale itsegula khomo la sekondale, ndiye kuti mwayi wa tsiku limodzi, mwana ali ndi zaka zitatu, ukulamula moyo wake mpaka zaka 18. Amene adasamukira mumzinda mochedwa, kapena amene makolo ake adali pa mavuto chaka chimenecho, alibenso polowera. Ndipo popeza abale amatsogozedwa, mwayi wa mwana woyamba umasanduka cholowa cha banja lonse.

Nkhawa imeneyi si yongopeka. Mira Debs, wa ku Yale University, m'buku lake la mu 2019 lonena za sukulu za boma za Montessori, adaonetsa kuti sukulu zina zimene zidatsegulidwa pofuna kusakaniza ana a mitundu ndi mabanja osiyanasiyana, zikatchuka zimayamba kudzaza ndi ana a mabanja opeza bwino, osauka namachepa. Palibe amene amawathamangitsa. Amangopezeka kuti pamzere ali kumbuyo.

TSOGOLO LA SUKULU YOTERE

Kodi sekondale yatsopano ya Montessori ingakhazikike? Ndikuona zinthu zisanu zimene tsogolo lake lagonapo.

Choyamba ndi aphunzitsi. Dzina la Montessori lilibe mwini ku America. Mu 1967 akuluakulu oona za maina a malonda adagamula kuti aliyense atha kuligwiritsa ntchito. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere: chikwangwani sichitsimikiza kanthu. Chofunika ndi aphunzitsi odziwa phunziro lawo, kaya ndi sayansi kaya masamu, amenenso adaphunzira njira ya Montessori ya achinyamata. Anthu otere ngosowa, ndipo akachoka awiri atatu sukulu yaing'ono imagwedezeka.

Chachiwiri ndi malo. Montessori ankaganiza za famu, koma pakati pa mzinda palibe munda wa maekala ambiri. Sekondale za m'mizinda zimayesa kubweza ndi timadimba, khitchini, timabizinesi toyendetsedwa ndi ophunzira, ndi kutumiza achinyamata kukaphunzira ntchito kwa amisiri ndi m'maofesi. Ngati ntchitozo nzenizeni, zokhala ndi phindu ndi kuluza kwake, cholinga chimakwaniritsidwa. Ngati nzachiphamaso, achinyamata amazindikira msanga.

Chachitatu ndi mayeso. Sukulu ya charter imayenera kulembetsa ana ake mayeso a boma chaka ndi chaka, ndipo zotsatira zake zimaonedwa pounika chikalata chija. Sukulu imene imati mwana aziyenda pa liwiro lake iyenerabe kuonetsa malikisi pa tsiku loikika.

Chachinayi ndi ndalama. Ku Washington boma limapereka ndalama powerenga mitu ya ana. Mwana akachoka, ndalama zake zimamutsata. Nthawi yoopsa ndi pamene ana atsiriza giredi 8, chifukwa mumzindamo muli sekondale zotchuka zosankha ana okhoza bwino, monga School Without Walls ndi Benjamin Banneker, ndiponso zina zazikulu zokhala ndi maphunziro ndi masewera ambiri. Sukulu yatsopano, imene siidaonetsebe kumene ana ake amakafika, iyenera kukopa makolo kuti asachotse ana. Kutsekedwa si nthano ayi: mu Ogasiti 2024 sukulu ya charter ya Eagle Academy ya mumzinda womwewo idatseka chifukwa cha mavuto a ndalama kutatsala masiku ochepa kuti teremu iyambe, mabanja nasowa kolowera.

Chachisanu ndi umboni. Mu 2006 Angeline Lillard ndi Nicole Else-Quest adafalitsa mu magazini ya Science kafukufuku wa ana 112 a ku Milwaukee. Adafanizira amene adapeza malo pa sukulu ya Montessori mwa maere ndi amene maere adawakana. Ana a zaka 5 a ku Montessori adaposa anzawo pa chiyambi cha kuwerenga ndi masamu ndi pa kukhala bwino ndi anzawo. A zaka 12 adalemba zimangirizo zaluso koposa ndipo ankamva kuti pasukulu pawo ndi pa banja, koma pa mayeso a masamu ndi kuwerenga kusiyana sikudali kwakukulu. Kafukufuku wambiri wotere adachitika pa ana aang'ono. Sekondale yatsopano iyenera kupereka umboni wake yokha, ndipo umboniwo udzamveka pokhapokha ngati ana ake ndi a mitundu yonse. Kukhozetsa ana amene akadakhoza kulikonse sikuonetsa mphamvu ya kaphunzitsidwe.

MAGANIZO ANGA

Ife Akhristu maere sitiwadabwa. M'buku la Ntchito za Atumwi timawerenga kuti pofuna wolowa m'malo mwa Yudasi, atumwi adayamba aika muyeso: akhale munthu amene adayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane. Atapeza awiri, adapemphera, nachita maere, ndipo adagwera Matiyasi. Wina atha kunena kuti apa atumwi adatsogoza ozolowera. Nzoona, koma iwo ankasankha munthu wa udindo wapadera, mboni ya zimene adaziona ndi maso. Seminale nayonso ili ndi chifukwa chosankhira, pakuti cholinga chake nkuthandiza anyamata kuzindikira ngati Mulungu akuwaitana ku unsembe. Sukulu yoyendera ndalama za msonkho ndi nkhani ina. Msonkho amapereka ndi onse, wosesa msewu ndi loya yemwe, choncho khomo lake likhale la onse.

Sindikunyoza makolo ofuna kuti ana awo apitirize zimene adayamba. Kholo lililonse limafunira mwana wake zabwino, ndipo nzoona kuti kagulu ka ana ozolowera kamathandiza atsopano, monga a Fomu 4 amatiphunzitsira mwambo wa nyumba ino. Koma ngati kutsogoza kotere kuloledwa, kukhale ndi malire ooneka, ndipo malo osungira ana ovutika ayambe apatulidwa ena onse asadagawidwe. Sukulu ipitenso yokha m'madera a anthu osauka kukalengeza za maere, osangodikira amene amadziwa kale njira. Ndipo mwana wachilendo akalowa, masabata oyamba aphunzitsidwe modekha kugwiritsa ntchito ufulu wake. Ana a ku San Lorenzo aja sadabwere ndi mbiri ya Montessori. Ngati njirayi idatheka pa iwo, siiyenera kuopa mwana wa zaka 11 wochokera ku sukulu wamba.

Kwa inu makolo ndi abambo ansembe amene mumakhala m'makomiti a sukulu za m'maparishi mwathu, pempho langa ndi ili: pamene mukukambirana za malata, madesiki ndi fizi, muzifunsanso za mndandanda wa olowa. Mwana wa mphunzitsi, mng'ono wa wophunzira wakale, mwana wa mkulu wa mpingo, aliyense ali ndi chifukwa chomveka chotsogozedwera. Koma zifukwa zomvekazo zikaunjikana, mwana wamasiye wopanda womulankhulira amapezeka panja popanda amene wamukana. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo kwa ife anzanga a pano, tisaiwale kuti pa desiki lililonse limene takhalapo padali mnyamata wina amene adalifunanso. Tiligwiritse ntchito bwino, ndipo tizimukumbukira m'mapemphero athu.